Liwu Limene Limandiponda

Zaka khumi ndi zinayi ndaima pakati pa malilime awiri
m'bwalo la milandu la pa Ulongwe,
kutola Chipwitikizi pakamwa pa oweruza
n'kuchisenda kuti chilowe m'khutu la munthu wa ku Domwe.
Mawu ambiri ndinawaweta, amakoka ngolo osavuta.
Limodzi lokha limandiponda mpaka lero:
kompetensiya.

Linatuluka Lachiwiri lina, mwezi wa Juni,
chisanu chitalowerera m'mabenchi.
Jenoveva Nangozo wa ku Kalomwe
anamasula envulopu yothothoka m'makona.
M'katimo chithunzi cha Kalisito atavala chisoti cha kumgodi,
kalata ya kampani ya malasha ya ku Moatize,
ndi pepala la kuchipatala lonena za mapapo.
Matumba awiri a kachewere ndiwo anamufikitsa pano.

Dotolo Muianga anawerenga, anavula magalasi,
nati bwalo lino lilibe kompetensiya.
Kenako anandiyang'ana. Onse anandiyang'ana.

Ndinati, "Akuti alibe mphamvu."
Mayiyo anayang'ana mkanjo wakuda,
mbendera, wapolisi wa pakhomo ndi unyolo wake m'chiuno.
"Amene anamanga mwana wa mlongo wanga chaka chatha
pa nkhani ya mbuzi, si omwewa?"
Ndi omwewa.
Ndinameza liwulo, n'kuyesa lina.
"Alibe ulamuliro."
"Wawalanda ndani?"
"Si udindo wawo."
"Nanga malipiro amalandirira chiyani?"
Kalaliki anabisa mano kuseri kwa kaundula.

Ndiye ndinasiya za m'mabuku, ndinapita kumunda.
Ndinati, Mayi, khasu lanu n'lakuthwa,
koma likafika pa mzere wa nkhadze limaima.
Si kuti labuntha ayi.
Kuseri kwa nkhadzeko kuli nthaka ya wina.
Awanso lamulo linawapimira ndime:
dera lakuti, milandu yakuti, kulekeza pakuti.
Akalima kupyola pamenepo
chigamulo chawo n'chimanga chomera panjira,
wodutsa aliyense adzachizula.
Amuna anu ankagwira ntchito ku Moatize,
mlanduwu ndi wa ntchito,
ndipo mwini ndime ali ku Tete, kutsidya kwa mlatho.

Anagwedeza mutu. Za malire sawuzidwa:
kwawo msewu umodzi umang'amba maiko awiri,
nkhuku imakaikira ku Malawi n'kudzagona ku Mozambiki.
Koma anafunsa chimene sindinkachiyembekezera.
"Fumbi lija, pamene linkalowa m'chifuwa mwake,
linafunsa kuti ndime yake ikulekeza pati?
Anadwalira kuno.
Anatsokomolera pa mphasa yanga miyezi isanu ndi iwiri.
Manda ali kuno."

Ndinatembenukira kwa oweruza.
Ndinawapatsa mawuwo m'Chipwitikizi, onse,
osachotsapo minga.
Anakhala duu, kwinaku akupukuta magalasi oyera kale.
Analemba kalata yotumiza mlandu,
anaimenya chidindo kawiri,
ndipo kuseri kwake, ndi pensulo,
analemba nambala ya chitseko ndi dzina la mlembi wofatsa.
Ndime yawo inathera pomwepo.

Yanga sinalembedwe m'buku lililonse.
Masana ndinamupeza pokwerera minibasi,
akuwerenga mametikali pa chitenje,
akubwereza, ngati kuti achuluka akawerengedwa kachiwiri.
Anaperewera makumi asanu ndi atatu.
Ndinaonjezera za nkhomaliro yanga.
Sanathokoze. Anangoti,
"Liwu lanu lija, ndinenereninso,
kuti akakalitulutsa kumeneko ndikalizindikire lili patali."

Ndinalinena pang'onopang'ono.
Analibwereza katatu, ngati dzina la mankhwala,
namanga envulopu m'chiuno,
nakakhala kumbuyo, pakati pa matumba a kabichi.

Mawa lake kunali mlandu wa njinga.
Umenewo unali wathu.